Mutu waching'alang'ala ndi mitu ina yopweteka kwambiri: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerezedwa kawirikawiri, ena ndi odwala eni ake, ena ndi achibale, mabwana ndi aphunzitsi amene amaona munthu atagwira mutu koma osaona bala. Amene wawasonkhanitsa nayenso amadwala mutu waching'alang'ala, n'chifukwa chake pena akunena kuti "ife". Mayankhowa salowa m'malo mwa kupimidwa kuchipatala, ndipo amene mutu ukumupweteka mwachilendo pakali pano ayambe wawerenga funso la zizindikiro zoopsa.

Kodi mutu waching'alang'ala umasiyana bwanji ndi mutu umene aliyense amadwala?

Mutu umene anthu ambiri amaudziwa umabwera ndi kutopa, nkhawa kapena kukungika kwa minofu ya m'khosi ndi m'mapewa. Umagwira mbali zonse ziwiri, umafinya osati kugunda, ndipo ungakhale mphindi 30 kapena kupitirira mpaka masiku 7, koma munthu amatha kulima, kuphika kapena kuphunzitsa ali nawo. Waching'alang'ala ndi matenda a ubongo ndi mitsempha amene amabwera n'kupita. Ukapanda kuthandizidwa umakhala maola 4 mpaka 72, kawirikawiri umagwira mbali imodzi, umagunda motsatana ndi mtima, ndipo umakula munthu akamayenda, akawerama kapena akamakwera chitunda. Umabwera pamodzi ndi nseru kapena kusanza, komanso kuipidwa ndi kuwala ndi phokoso.

Sikuti zonsezi zimapezeka mwa wodwala aliyense, pakuti ena umawagwira mutu wonse ndipo ena sasanza n'komwe. Chimene madokotala amayang'ana ndi kubwerezabwereza kwake, maulendo osachepera 5 ofanana, munthu n'kumakhala bwinobwino pakati pake.

Ululu wake umamveka bwanji kwenikweni?

Odwala amasankha mawu osiyana. Wina amati mutu ukuwaza, wina amati ukung'amba, wina amati chinachake chikuboola kuseri kwa diso. Kwa ambiri a ife matendawa sayamba n'kupweteka ayi. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, munthu amayasamula kosalekeza ngakhale wagona mokwanira, khosi limalemera, amalakalaka zotsekemera, amataya madzi pafupipafupi kapena amapsa mtima ndi tizinthu tosaneneka. Kenako palitsipa pamayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo wodwala wozolowera amadziwiratu kuti tsikulo lawonongeka.

Ukafika pachimake, zinthu za masiku onse zimakhala zosapiririka: kadzuwa kolowa pabowo la msomali kudenga la malata, wailesi ya anansi, fungo la anyezi amene akukazingidwa kukhitchini, chitseko chimene mwana wamenyetsa. Munthu amagona chammbali atapanikiza mbali yopwetekayo papilo, beseni lili pafupi, akuopa kutembenuka chifukwa mutu ukangosuntha kugunda kumayambiranso mwamphamvu. Ena khungu la kumutu limapweteka likangokhudzidwa, moti chipeso, duku, magalasi ngakhale tsitsi lolukidwa dzulo zimasanduka chilango. Ambiri amapezako bwino akasanza n'kugona tulo.

Ululu ukatha si pomwepo mphamvu zimabwerera. Tsiku lotsatira thupi limakhala lolefuka, maganizo osagwira, mawu amasowa polankhula, ndipo kuwerama kuti unyamule ndowa kumadzutsanso kugunda kwa kanthawi. Tsiku limeneli achibale saliwerengera, poti amaona kuti wodwala wadzuka ndipo wasamba.

Kodi ndi anthu ambiri amene amadwala chonchi?

Ndi ambiri zedi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 3.1 biliyoni, amene ndi 40 mwa anthu 100 alionse, anali ndi vuto lina lake la mutu. Waching'alang'ala umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7, ndipo amayi amachuluka pafupifupi katatu kuposa abambo. Umakonda kuyamba munthu akamatha msinkhu, umavuta kwambiri m'zaka zapakati pamene munthu ali kalikiliki kulera ana ndi kugwira ntchito, ndipo umayendera kumtundu. Mukafufuza mupeza kuti panali azakhali kapena agogo amene ankadzitsekera m'nyumba masana atamanga nsalu kumutu.

Ndi zizindikiro ziti zoopsa zimene munthu sayenera kudikira nazo pakhomo?

Mutu umene wabwera mwadzidzidzi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, woposa wina uliwonse umene munadwalapo, ungakhale chizindikiro chakuti mtsempha wa magazi waphulika m'mutu, ndipo ndi wothamanga nawo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Chimodzimodzinso mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kubwebweta, kukomoka kapena kugona kosadzutsika, chifukwa angakhale matenda oumitsa khosi kapena malungo a muubongo. Kufooka kwa mkono kapena mwendo mbali imodzi, kupindika kukamwa ndi kulephera kulankhula ndi zizindikiro za sitiroko. Diso lofiira, lopweteka kwambiri ndi loona mwachimbuuzi nalonso silidikira mawa.

Pali magulu a anthu amene ayenera kusamala koposa. Amene ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka ngati anasiya ma ARV kapena chitetezo chawo chatsika, asachedwe ndi mutu umene ukukulirakulira kwa masiku kapena milungu, pakuti ungakhale mtundu wa matenda oumitsa khosi wobwera ndi fangasi wotchedwa cryptococcus. Anthu ambiri amachita mantha akamva zotenga madzi a pamsana, komatu kuyeza kumeneko ndiko kumapeza matendawa, ndipo kuchotsa madziwo kumachepetsanso ululu. Mayi woyembekezera amene wapitirira milungu 20, kapena amene wangobereka kumene, akamva mutu waukulu, kuona zothwanima kapena kutupa nkhope ndi manja, apite akayezedwe magazi ngati akuthamanga tsiku lomwelo. Amene anagwa panjinga yamoto kapena kumenyedwa m'mutu, mutu n'kumakula, kusanza kapena kusinza, abwerere kuchipatala ngakhale patapita milungu. Mutu wachilendo woyamba munthu atapitirira zaka 50, komanso umene ukukula mlungu ndi mlungu n'kumadzutsa munthu m'bandakucha ndi masanzi, uyenera kufufuzidwa.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi mbaula. Banja lonse likadzuka ndi mutu, chizungulire ndi nseru m'nyengo yozizira ya June ndi July, mbaula ya makala itagona m'nyumba yotseka mawindo, vuto ndi mpweya wakupha umene makala amatulutsa, womwe sununkha ndiponso suoneka. Tulukani panja nonse, ndipo amene wafooka apite naye kuchipatala.

Wodwala ching'alang'ala sanatetezedwe ku zonsezi. Iye ali ndi mwayi umodzi wokha, wakuti amaudziwa mutu wake, choncho ukabwera wosiyana ndi wa nthawi zonse asaupatse dzina lakale.

Kodi n'chiyani chimachitika m'mutumo?

Ubongo weniweniwo sumva kupweteka. Chimene chimamva ndi timinofu tokuta ubongo ndi mitsempha ya magazi ya pamenepo, ndipo uthenga wake umayenda mu mtsempha waukulu wotchedwa trigeminal, womwenso umamvetsera za kunkhope, m'maso ndi m'mano. Pa nthawi ya ching'alang'ala mtsempha umenewu umatulutsa timadzi tina, makamaka totchedwa CGRP, timene timachititsa kuti malo onsewo azimva kupweteka ngakhale ndi kugunda wamba kwa magazi. Kale madokotala ankati vuto lonse ndi kufufuma kwa mitsempha ya magazi, koma tsopano zikudziwika kuti chiyambi chili muubongo momwemo, umene mwa anthu ena unabadwa wosachedwa kutekeseka zinthu zikasintha.

Mutu usanayambe ndimaona timizere tothwanima ndipo mbali ina ya zinthu imasowa. Kodi maso akuwonongeka?

Maso ali bwino, zimenezi zikuchokera kumbuyo kwa ubongo kumene kumamasulira zimene maso aona. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu kapena anayi amaona zotere, zimene madokotala amazitcha aura. Kamayamba kadontho kothwanima, kamakula kukhala mzere wokhotakhota, n'kumasunthira m'mbali mpaka kuzimiririka, ndipo zonsezi zimatenga mphindi 5 mpaka 60. Ena amachita dzanzi loyambira kuzala, n'kukwera mkono mpaka kumilomo ndi lilime, ena mawu amasokonekera. Kuyenda kwapang'onopang'onoku kumagwirizana ndi zimene wasayansi wa ku Brazil, Aristides Leão, anapeza mu 1944, zoti maselo a ubongo amatha kutekeseka kenako n'kuzima motsatizana, pa liwiro la mamilimita pafupifupi 3 pa mphindi.

Sitiroko imagwera munthu kamodzin'kamodzi, pamene aura imayenda pang'onopang'ono n'kutha yokha. Komabe ngati zachitika koyamba, zapitirira ola limodzi, kapena chiwalo chafooka osati kungochita dzanzi, tsatirani zimene zanenedwa pa zizindikiro zoopsa. Amayi amene amaona aura awerengenso yankho la kulera.

N'chiyani chimauputa?

Zodziwika kwambiri ndi kudumphitsa chakudya, kusala kudya, ludzu, kugona pang'ono kapena kugona mopitirira, nkhawa, msambo, mowa, dzuwa la mu October, utsi, mafuta onunkhiritsa ndi fungo la petulo m'minibasi yodzaza. Amene anazolowera tiyi wamphamvu kapena khofi amadwala akamusowa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri umawagwira nkhawa ikatha, monga tsiku lotsatira maliro, ukwati kapena mayeso, pamene thupi likuti lipume.

Kawirikawiri chinthu chimodzi sichikwanira. Zili ngati katundu wa panjinga, thumba limodzi silithyola kaliyala koma lachinayi: munthu wagona mochedwa kumaliro, sanadye m'mawa, wayenda padzuwa, ndipo msambo wayandikira. N'chifukwa chake kusala zakudya zambirimbiri sikuthandiza kwenikweni, ndipo kumangoonjezera njala yomwenso imaputa mutu. Nthawi zina chakudya chimanamiziridwa, pakuti chilakolako cha zotsekemera chimakhala chizindikiro chakuti matenda ayamba kale. Chothandiza koposa ndi kudya, kumwa madzi ndi kugona pa nthawi zofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu.

Kodi si malungo kapena BP?

Malungo amapweteketsa mutu, koma amabwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, ndipo kuyeza magazi pachala kumatenga mphindi zochepa. Kumwa LA mutu ukangopweteka, osayezetsa, n'kuwononga mankhwala, ndipo kumabisa matenda enieni kwa zaka. Za BP, anthu ambiri amene magazi awo amathamanga samva chilichonse, ndipo n'chifukwa chake matendawo ndi oopsa. Mutu umabwera makamaka ikakwera kwambiri, cha m'ma 180/120 kupita m'tsogolo. Ululu pawokha umakweza BP kwa kanthawi, choncho ndi bwino kukayezetsanso tsiku limene muli bwino.

Ndichite chiyani ukangoyamba?

Imwani mankhwala msanga, ululu usanakule. Kupirira n'kumati mwina usiya wokha ndiko kumatigonetsa masiku awiri, chifukwa ching'alang'ala chikakhazikika m'mimba mumaima, mapiritsi sagayika bwino kapena amatuluka ndi masanzi. Munthu wamkulu angamwe paracetamol, amene ambiri timati panado, mapiritsi 2 a 500 mg, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24 chifukwa amawononga chiwindi. Ibuprofen wa 400 mg kapena asipilini wa 900 mg amagwira bwino ntchito kwa ambiri, koma ndi osayenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, ena a mphumu, ndi amayi oyembekezera pokhapokha adokotala atanena. Metoclopramide amachepetsa nseru n'kuthandiza kuti mankhwala enawo alowe m'thupi.

Alipo mankhwala opangidwira ching'alang'ala chenicheni otchedwa ma triptan, ndipo woyamba wake, sumatriptan, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1991. Amafunika kalata ya adokotala, ndi okwera mtengo, ndipo saperekedwa kwa amene ali ndi matenda a mtima, anadwalapo sitiroko kapena BP yawo sinatsike. Tramadol, codeine ndi jakisoni wa pethidine si mankhwala abwino a matendawa, chifukwa amaonjezera nseru, amazolowereka ndipo amachititsa mutu kubwera pafupipafupi. Mukamwa mankhwala, gonani m'chipinda chamdima ndi chachete, ikani kansalu konyowa pachipumi, ndipo muzimwa madzi pang'onopang'ono.

Ndimamwa mapiritsi pafupifupi tsiku lililonse koma mutu sukutha. Chalakwika n'chiyani?

Mwina mapiritsiwo ndiwo tsopano akuyambitsa mutuwo. Zimachitika kwa amene amamwa panado, ibuprofen kapena asipilini masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kapenanso ma triptan, codeine ndi mankhwala osakaniza masiku 10 kapena kuposa, kwa miyezi yopitirira 3. Osakanizawo ndi aja ali ndi kafeini m'kati, ogulidwa awiriawiri pa okala, komanso ufa wa Grand-Pa umene abale athu a ku South Africa amaudziwa bwino, womwe muli asipilini, paracetamol ndi kafeini. Munthu amadzuka ndi mutu, amamwa, umachepa, mphamvu ya mankhwala ikatha umabweranso, mpaka kuyenda ndi mapiritsi m'thumba kulikonse.

Chimene chimawerengedwa ndi masiku, osati kuchuluka kwa mapiritsi pa tsiku limodzi. Njira yotulukiramo ndi kusiya, ndipo kunena zoona masiku oyamba amawawa kuposa kale, mlungu umodzi kapena iwiri, kenako mutu umayamba kupereka mpata. Amene amamwa codeine kapena tramadol asasiye okha mwadzidzidzi, apite akathandizidwe kuchepetsa.

Kodi alipo mankhwala oletsa kuti usamabwere?

Alipo, ndipo ndi oyenera kufunsa ngati mutu ukukugonetsani kangapo pamwezi kapena mukuyandikira malire a masiku atchulidwa m'yankho lapitali. Propranolol ndi amitriptyline ndi akale, otsika mtengo ndi odziwika m'zipatala zathu. Woyambayo ndi wa mtima ndi BP ndipo sayenera a mphumu, wachiwiriyo amamwedwa usiku pang'ono chabe, amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa. Musakhumudwe mukamva kuti amitriptyline ndi mankhwala a matenda a nkhawa, sikuti adokotala akuti ululu wanu ndi wamaganizo. Topiramate ndi sodium valproate amathandizanso koma amavulaza mwana m'mimba. Onsewa amamwedwa tsiku lililonse, amafuna miyezi 2 kapena 3 kuti aoneke ntchito yake, ndipo akachepetsa masiku odwala ndi theka ndiye kuti agwira. Majakisoni atsopano otsekereza CGRP, monga erenumab amene anavomerezedwa ku America mu 2018, mtengo wake ndi wosafikirika kwa ambiri a ife.

Chifukwa chiyani umabwera nthawi ya msambo, nanga kulera ndi pathupi zimakhudzana nawo bwanji?

Msambo ukayandikira mahomoni a estrogen amatsika mwadzidzidzi, ndipo kutsikako kumaputa mutu, kuyambira masiku awiri msambo usanayambe mpaka masiku atatu oyamba. Mutu wa nthawi imeneyi umakonda kutalika ndi kuvuta kumva mankhwala.

Mayi amene amaona aura asamwe mapiritsi olera okhala ndi estrogen, monga Microgynon, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana zimakweza chiopsezo cha sitiroko, makamaka ngati amasutanso fodya. Auzeni anamwino a kulera za aura ngakhale asanafunse, kuti mukambirane za lupu kapena njira zina zopanda estrogen. Pathupi, amayi ambiri amapezako bwino miyezi itatu yoyamba ikadutsa, ndipo panado ndiye mankhwala oyamba. Mutu wachilendo pathupi wafotokozedwa pa zizindikiro zoopsa. Mayi akamayandikira kusiya kusamba mutu ungavute kwa zaka zingapo, koma ambiri umawachepera akasiyiratu.

Nanga kutema mphini, kumanga nsalu kumutu ndi zoti munthu walodzedwa?

Kumanga nsalu kulibe vuto, ndipo ena kumawachepetsera kugunda kwa kanthawi. Mphini ndi nkhani ina: lezala lobwerekana lingapatsire HIV kapena matenda a chiwindi, ndipo bala lopakidwa zinthu zosadziwika lingalowetse kafumbata. Sizodabwitsa kuti matenda obwera popanda bala, oonetsa zothwanima ndi omanga lilime amaganiziridwa za ufiti. Koma ching'alang'ala chimatha chokha pasanathe masiku atatu, choncho chilichonse chimene chachitika pomalizira, kaya mphini, kaya mankhwala azitsamba, chimatenga ulemu wa kuchiritsa, mwezi wamawa mutu n'kubweranso. Choopsa chachikulu ndi pamene mutu wa matenda oumitsa khosi watayitsidwa masiku m'njira zimenezi.

Ine mutu umandiboola diso limodzi usiku, misozi n'kumatuluka, ndipo sindingathe kugona pansi. Kodi n'ching'alang'ala?

Mwina ndi mtundu wina wosowa umene madokotala amautcha cluster headache, umene umagwira kwambiri abambo ndipo umawerengedwa m'gulu la ululu waukulu koposa umene munthu angamve. Umakhala mphindi 15 mpaka maola 3, mbali yomweyomweyo, diso limafiira ndi kulengeza misozi, chikope chimagwa, mphuno ya mbaliyo imatseka. Umabwera pa ola lofanana tsiku ndi tsiku kwa milungu, kenako n'kusowa miyezi. Wodwala ching'alang'ala amagona duu, koma uyu amayendayenda, kugwedezeka ngakhale kumenyetsa mutu kukhoma. Panado sachitapo kanthu. Chimathandiza ndi kupuma okosijeni wambiri wa pachipatala kapena jakisoni wa sumatriptan, ndipo verapamil amateteza. Mowa umauputa nthawi yomweyo m'milungu yodwalayo. Ululuwu ukafika pokuganizitsani zodzipha, uzani wachibale ndi adokotala tsiku lomwelo.

Kodi ndikufunika kuunikidwa m'mutu? Nanga adokotala ndiwauze chiyani?

Ching'alang'ala sichioneka pa sikani kapena m'magazi, chimadziwika ndi zimene wodwala wafotokoza. Makina ounikira m'mutu, amene amapezeka makamaka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi a pamene pali zizindikiro zoopsa kapena adokotala apeza chachilendo popima. Poti mzere umakhala wautali ndipo nthawi yolankhula ndi yochepa, pitani mutalemba m'kope masiku amene mutu unabwera kwa miyezi iwiri kapena itatu, maola amene unatenga, mbali yake, ngati munasanza, masiku a msambo ndi mankhwala onse amene munamwa, ogula nokha omwe. Kunena kuti "mutu umandipweteka" kumabweretsa panado, pamene kunena kuti "mwezi uno ndalephera kugwira ntchito masiku akutiakuti" kumayambitsa nkhani ya mankhwala oteteza. Pemphani kuti dzina la matendawo lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Kunyumba ndi kuntchito amati ndi ulesi. Ndiwafotokozere bwanji?

Afotokozereni tsiku limene muli bwino, osati muli chigonere. Apongozi kapena abwana amene amati "mutu basi?" akuyerekeza ndi mutu umene iwo amadwala, womwe umatha ndi mapiritsi awiri, choncho buku la kuchipatala ndi kope lija zimalankhula bwino kuposa mkangano. Nenani zimene mukufuna mwachindunji: kuti wina aphike ndi kutenga ana, wailesi itsike, musadzutsidwe kuti mudye nsima, kapena kuntchito akuloleni kumwa mankhwala n'kukhala pamdima kwa ola limodzi. Achibale nawo adziwe kuti kufunsa wodwala mphindi iliyonse kuti "mukupeza bwanji?" n'chikondi ndithu, koma kuyankha kumapweteka.

Kodi ana nawonso amadwala mutu waching'alang'ala?

Inde, ngakhale a kupulayimale. Mwa ana umakhala waufupi, mwina maola awiri okha, umagwira mbali zonse za chipumi, ndipo ena amangodandaula m'mimba mozungulira mchombo, kusanza ndi kufooka, akadzuka kutulo n'kukasewera ngati palibe chinachitika. Kuchira msangaku kumachititsa kuti makolo ndi aphunzitsi aziti mwanayo akuthawa sukulu. Onetsetsani kuti wadya asanapite kusukulu, watenga madzi akumwa ndipo akugona nthawi yabwino, komanso kamuyezetseni maso ngati amavutika kuona pabolodi. Panado kapena ibuprofen aperekedwe molingana ndi kulemera kwa mwanayo, ndipo asipilini asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16. Mwana wa mutu ndi kutentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo.